Mbale Yoyamba pa Phwando la Fulakesi

"Ndanena kuti mazira amenewo m'nyumba muno sitidya," anatero mayi Ghislaine, akukwatula chiwaya pamoto. Anatuluka nacho pakhomo n'kukhuthulira zonse m'chidebe cha zinyalala, mazira ndi batala yemwe.

Apolline anatsala ali chiimire, supuni ili m'manja.

"Amayi, chimenecho chinali chakudya changa cham'mawa."

"Mazira athu ali m'dengu umo. Nkhuku zanga zaikira asanu lero. Tenga uphikenso."

"Nanga awa alakwanji? Si a Bambo awa?" Ananyamula bokosi lomwe anatengamo mazirawo. Pachivundikiro panali nkhope ya bambo ake, akumwetulira pakati pa maluwa a fulakesi, mbewu yopangira ulusi wa nsalu ndi mafuta, ngati wansembe pa tsiku la ubatizo. Anawerenga mochita kukoka mawu: "'Mazira a kwa Quesnel. Nkhuku zathu zimadya njere za fulakesi. Muli mafuta a omega, abwino ku mtima, abwino ku ubongo wa mwana.' Amayi, ine ndimaphikira mazira omwewa ana makumi asanu ndi atatu kusukulu. Ana a eni adye, mwana wa m'nyumba ayi?"

"A m'bokosi ndi amalonda."

"Nkhuku zikwi zitatu m'khola, ndiye mukundimana mazira awiri?"

"Apolline, usandiyankhe ngati ndine mnzako wa mumzinda wa Rouen. Ndati ayi."

Bambo ake, a Régis Quesnel, analowa akupukuta manja pa thalauza. "Zavutanso chiyani? Katswiri wathu wa zophika wapsereza madzi?"

"Amayi ataya mazira anu, Bambo."

A Régis anali munthu wotola nyenyeswa za buledi patebulo ndi chala n'kuponya m'kamwa. Tsiku lina anakalipa mpaka madzulo chifukwa cha apozi limodzi lomwe linaolera m'dengu. Koma lero anangosuzumira m'chidebe muja, n'kuyang'ana akazi awo, n'kukhala pampando.

"Mvera amayi ako," anatero. "Ghislaine, ndiphikire atatu. A m'dengu."

Pamene ankatambasula dzanja kuti atenge buledi, Apolline anaona kuti m'mphepete mwa zikhadabo zawo munali utoto wofiirira, wonga wa duwa. Anatenga njinga yake n'kupita kuntchito ali ndi njala.

Madzulo a tsikulo dzuwa likadalipo, anakumana ndi Corentin pamalo awo a masiku onse, kuseri kwa mitengo italiitali yotchinga famu ku mphepo ya kunyanja. Corentin ankayendetsa makina ozulira fulakesi, ndipo kwa a Régis ameneyo anali wantchito wa anthu ena, wosayenera kugogoda pakhomo la kutsogolo. N'chifukwa chake chikondi chawo chinkakhala kuseri kwa mitengo. Kuseri komweko kunalinso chinsinsi china chomwe ankadziwa awiri okha: Apolline anali woyembekezera, mwezi wachitatu.

Fulakesi anali atafika m'mawondo, wobiriwira, akuweyula ngati madzi. Apolline ankakonda kumuyang'ana n'kumaganiza za tsiku lomwe adzayende m'munda wotere atanyamula mwana pachifuwa. Koma lero maso ake anagwera m'ngalande yochokera ku shedi yakale ya bambo ake. Madzi a m'ngalandemo anali ofiirira, ndipo udzu wa m'mbali unali utapsa.

"Corentin, utoto uwu ukuudziwa?"

Iye anagwada, n'kuviikamo kamtengo. "Aliyense wofesa fulakesi akuudziwa. Ndi wa mbewu yofesa, ija amaithira mankhwala kuti isaole m'nthaka. Amaipaka utoto dala kuti munthu asaisokoneze ndi yakudya."

"Tinatha kufesa mu Epulo. Ukutani m'madzi lero?"

Corentin anakanda m'mutu. "Bambo ako anazungulira mafamu onse atatha kufesa. Ankatolera matumba otsala, akuti akawapereka kowotcha kuti anthu asavutike. Abwana anga a Hébert anawapatsa asanu ndi limodzi, n'kuwathokoza ndi botolo la mowa wa maapozi. Mudzi wonse ukuti a Quesnel ndi munthu wa mtima."

Apolline anakhala pansi pa udzu. Chiyambire tsiku lomwe adokotala anamuuza za mimbayo, m'mawa uliwonse akafika kukhitchini ya sukulu ankadziphikira dzira limodzi la m'bokosi, akukumbukira mawu aja, abwino ku ubongo wa mwana. Anagwira pamimba ndi manja onse awiri.

Kutacha anawapeza bambo ake m'shedi. Chitseko chomwe chinkakhala ndi loko chinali chotsegula pang'ono. M'katimo makina akale osakanizira simenti ankazungulira, paipi ya madzi ili m'kamwa mwake, ndipo pansi panali njere za fulakesi zitayanikidwa pa chinsalu cha lona, zonyowa, zina zikadali ndi timadontho tofiira. Pakona panali matumba, lililonse lili ndi chilembo chachikulu choletsa kudyetsa munthu kapena chiweto.

"Tseka chitseko," anatero a Régis osacheuka. "Nkhunda zingalowe."

"Mukuopa kuti nkhunda zingafe?"

Anazimitsa makinawo. "Usabwere ndi nkhope ya woweruza pano. Ndimatsuka katatu. Taona, utoto wonse wachoka."

"Utoto wachoka. Nanga mankhwala?"

"Wafa ndani? Tchula mwana mmodzi amene wadwala. Nkhuku zikuikira, nthenga zikuwala. Fulakesi ndi fulakesi, mafuta ake ndi omwewo. Pabokosi sindinalembe bodza."

"Ndiye bwanji inu simudya?"

"Amayi ako ndi amantha, ukuwadziwa."

"Ndikufunsa inuyo. Dzulo munati atatu, a m'dengu. Ndinamva ndi makutu angawa."

A Régis anatola njere imodzi n'kuifinya pakati pa zala. "Ukudziwa kuti njere zakudya zakwera bwanji mtengo chiyambire anthu a m'tauni atulukira omega wawoyu? Aliyense akufuna omega, m'dzira, mu mkaka, mu buledi. Koma ukawauza mtengo wake weniweni amathawa. Ine ndione mbewu yabwinobwino ikupita kumoto, nkhuku zanga zili kukamwa yasa?"

"Mayi wa Timéo, kamnyamata ka kusukulu kwathu, amayenda mtunda kudzagula mazira anu chifukwa mwana wake amavutika kuwerenga. Amakhulupirira bokosi lanu kuposa aphunzitsi. Ine ndemwe ndinakachonderera meya kuti sukulu izigula kwa inu. Ndinati bambo anga ndi munthu wosamala. Munandiyang'ana ndikusaina pepala lija, mukudziwa."

"Ndiye ukanene. Foni uli nayo. Ukawauze kuti abwere adzatseke famu ya agogo ako."

"Ndikufuna musiye."

"Atsala matumba anayi. Akatha, basi."

"Osati akatha. Lero."

A Régis anaseka pang'ono, kuseka kuja ankamuseka Apolline ali mwana akakana kutsika pathirakitala. "Mutu ngati wa bambo ako. Chabwino, lero. Koma pakamwa utseke."

Apolline anawakhulupirira, chifukwa ankafuna kuwakhulupirira. Komabe kusukulu anachotsa mazira pa zakudya za mwezi wonse. Ana anadandaula kuti keke ya Lachinayi yapita kuti, iye n'kumawapatsa maapozi ophika. Anapitanso kwa adokotala ku Dieppe n'kuwafotokozera mozungulira. Adokotala anati ayeza magazi, ndipo mwana akuoneka kuti ali bwino, koma anamufunsa kawiri kuti mazirawo ndi a kuti. Iye anati sakukumbukira.

Patatha masabata awiri, meya wa mudziwo, mayi Vasseur, anatulukira kukhitchini ya sukulu ali ndi mapepala kukhwapa.

"Mwana wanga, phwando la fulakesi ndi Lamlungu lino, ndipo chiwaya chachikulu chaka chino ndi chako. Bambo ako apereka mazira mazana asanu ndi limodzi, ulere. Tiwaveka mendulo ya mudzi. Bambo wa nkhuku, mwana wa chiwaya, nyuzipepala ikonda zimenezo."

"Mbale yoyamba ndi ya ndani chaka chino?" anafunsa Apolline.

Unali mwambo wa mudziwo kuyambira kale, masiku omwe akazi ankazula fulakesi ndi manja: pa phwando palibe amalawa kanthu mpaka amayi oyembekezera atalandira mbale yoyamba, ndipo amene wapereka mazira ndiye amaipereka ndi manja ake.

"Mmodzi yekha, Élodie wa kophika buledi. Mudzi uno ukukalamba. Inu atsikana mukudikira chiyani?"

Lachinayi kunagwa mvula. Lachisanu m'mawa Apolline anadutsa kuseri kwa mitengo, n'kupeza ngalande ija itafiira kuposa kale.

Amayi ake anali kumunda wa maapozi, akumwazira tirigu nkhuku zawo zisanu ndi imodzi, zomwe sizinkayandikira khola lalikulu.

"Sanasiye, Amayi."

Mayi Ghislaine anapitiriza kumwaza.

"Inu munadziwa liti?"

"Chaka chatha."

"Chaka chatha. Ndipo Lamlungu lililonse mumapsompsonana masaya ndi amayi a anawo pakhomo la tchalitchi. Mumawafunsa kuti ana ali bwanji."

"Ukuganiza kuti sindinalankhule? Ndinalankhula mpaka anaphwanya mbale. Ndinagula nkhuku zangazi kuti iwe usadye. Ndi zomwe ndinatha."

"Munateteza wanu. A eni aone okha."

"Udzamvetsa ukadzakhala ndi mwamuna ndi denga loti ulisunge. Zaka makumi atatu ndili pano, Apolline. Pabokosi palibe dzina langa, pachipata palibe dzina langa. Famu ikatsekedwa ndipita kuti? Phwando lithe, matumba athe, tiiwale."

"Élodie ali ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri. Mbale yoyamba ndi yake."

Dzanja la mayi Ghislaine linaima m'dengu. "Mbale imodzi siingachite kanthu," anatero, koma mawuwo anatuluka ngati a munthu wina.

Corentin atamva zomwe Apolline ankaganiza kuchita, anavula chipewa n'kuchimenya pa bondo.

"Wapenga? Imba foni kwa oyendera ziweto, nkhani ithe."

"Lero ndi Lachisanu. Abwera Lachiwiri, mudzi wonse utadya kale, shedi itasesedwa. Adzati mwana wa Quesnel wapsa mtima chifukwa bambo ake akukana chibwenzi chake. Ndani angakhulupirire wophika phala kusiya munthu wa mendulo?"

"Ndiye ugwetse chiwayacho. Unene kuti mazira aola."

"Sabata yamawa adzaperekanso ena. Ndikufuna anene okha, ndi pakamwa pawo, anthu akumva."

"Nanga akapanda kunena?"

Apolline anamwetulira. "Suwadziwa Bambo. Ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndinagwera m'dziwe la ng'ombe m'nyengo yozizira. Analumphiramo ndi nsapato zomwe, osadziwa kusambira. Ndi aumbombo, ndi amakani, koma sangaone foloko ikupita pakamwa panga. Adzagwetsa mbaleyo. Ndikuwadziwa."

"Ine ndikhala pafupi," anatero Corentin. "Ukangotafuna, ndikusanzitsa pamaso pa meya."

Lamlungu fulakesi anachita maluwa. Kuyambira pabwalo la tchalitchi mpaka kumene maso amalekeza, minda inali yabuluu, ngati thambo lagona pansi. Duwa la fulakesi limatsegula m'mawa n'kuyoyoka dzuwa likafika pamutu, choncho phwando linkayamba msanga. Pofika teni koloko tenti inali itadzaza. Chiwaya chachikulu ngati chitseko cha shedi chinali pamoto, ndipo Apolline ndi amayi ena atatu ankatakasa mazira ndi zipalaso zamatabwa.

Mayi Vasseur analankhula nthawi yaitali za alimi amene amadyetsa dziko chakudya chopatsa thanzi. Anaveka a Régis mendulo pa jekete yawo ya ukwati. Anthu anaomba m'manja, wojambula wa nyuzipepala anagwada n'kujambula. Mayi Ghislaine anali kumapeto kwa tebulo, akudula buledi osakweza maso.

"Tsopano mwambo wathu," anatero meya. "Amayi oyembekezera abwere kutsogolo."

Élodie anadzuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, anthu akumuseka mwachikondi kuti wameza chiwaya. Apolline anaika chipalaso pansi, anavula epuloni, n'kukaima patsogolo pake.

"Pepa Élodie, chaka chino tilipo awiri. Ndilole ndiyambe ine."

Anthu anayang'anana. Kenako wina kumbuyo anaimba likhweru, amayi achikulire anayamba kunong'onezana, maso onse n'kutembenukira kwa Corentin, yemwe anafiira mpaka m'makutu. Meya anaseka n'kuomba m'manja. "Régis, mendulo ndi mdzukulu tsiku limodzi. Perekani mbale kwa mwana wanu."

Anawapatsa a Régis mbale. Mazira anali achikasu, akufuka nthunzi. Apolline anayang'ana bambo ake m'maso. Anaona nkhope yawo ikutuwa, anaona mbale ikupendekeka m'manja mwawo, ndipo mtima wake unati, ndi pano, agwetsa. Maso a a Régis anapita kwa meya, anapita kwa wojambula, anatsikira pa mendulo. Kenako milomo yawo inatambasuka n'kukhala kumwetulira kuja kwa pabokosi.

"Landira, mwana wanga," anatero. "Idya."

Apolline analandira. Anatenga foloko, anadula kachidutswa. Anachita zonse pang'onopang'ono, kuwapatsa nthawi. Anakweza foloko kufika pachibwano. Bambo ake anali chimwetulire. Anatsegula pakamwa. Pakona ya diso anaona Corentin akukankha anthu kuti adutse.

Amene anafika poyamba anali mayi Ghislaine. Anamenya mbaleyo ndi buledi wamtali yemwe anali naye m'manja, foloko n'kuuluka, mazira n'kumwazika pa nsapato za meya.

"Asadye munthu," anatero. "Élodie, khala pansi. Chotsani ana pafupi ndi chiwayacho."

"Ghislaine," anatero a Régis chapansipansi, "wadwala. Tiye kunyumba."

Kwa zaka makumi atatu mayi Ghislaine sanawatchulepo amuna awo kuti iwe pagulu. "Iwe Régis, usandikhudze. Mwana wako, ndi mwana wa mwana wako, ndipo ukuti idya?" Anatembenukira kwa anthu. "Matumba a mbewu yamankhwala munamupatsa aja sanawotche. Amatsuka m'shedi n'kudyetsa nkhuku. Inu a Hébert munapereka asanu ndi limodzi, pitani mukawaone, dzina la famu yanu likadali pomwepo. Ife kwathu mazira amenewa sitidya. Chaka chathunthu ndakhala ndikudziwa, ndikukupsompsonani masaya. Mukafuna kulavula, muyambe ndi ine."

Palibe analavula. Mayi wa Timéo anakoka mwana wake n'kumubisa kumbuyo kwa siketi, maso ali pa a Régis, osaphethira. Mwamuna wa Élodie anavula epuloni yake ya ufa, anthu awiri n'kumugwira mikono kuti asamenye a Régis. A Hébert ndi alimi ena anayi anatuluka, ndipo posakhalitsa kunamveka galimoto ikulowera njira ya ku famu ya Quesnel. Meya anazimitsa moto pansi pa chiwaya ndi manja ake, n'kupita pambali ndi foni.

Tenti inatha anthu pang'onopang'ono. Anatsala a Régis, atakhala pa benchi, mendulo ikulendewera. Apolline anapita n'kuima patsogolo pawo.

"Wakondwa?" anatero bambo ake. "Famu yatha. Dzina latha."

"Munati idya."

"Kachidutswa kamodzi sikakanakupha."

"Munati idya, Bambo."

A Régis anapukuta nkhope ndi dzanja lija la zikhadabo zofiirira. "Ndimadziwa kuti amayi ako akuletsa."

"Ine ndimadziwa kuti mundiletsa ndinu."

Anadikira kuti mwina anena kanthu. A Régis anangoweramira mendulo yawo, Apolline n'kutuluka m'tentimo.

Panja dzuwa linali litafika pamutu, ndipo maluwa anali atayamba kuyoyoka. Mphepo ya kunyanja inkawakokolola kuchoka m'minda n'kuwaunjika m'mphepete mwa msewu. Mayi Ghislaine anali ataima pafupi ndi galimoto ya Corentin, chikwama chawo cha kutchalitchi chili m'manja.

"Mnyamata," anatero, "kwanu kuli malo a nkhuku zisanu ndi imodzi?"

"Alipo, Amayi. Ndi malo a mwini nkhukuzo alipo."

"Ndiye tidzere kunyumba tikazitenge. Mwana uyu sanadye kanthu chiyambire m'mawa."